Laputopu yanu ikuchedwa? Mafunso ndi mayankho pa nkhani yoikamo SSD

Malaputopu ambiri amene ali m'manja mwa ophunzira, aphunzitsi, amalonda ndi ogwira ntchito m'maofesi kwathu kuno anabwera atagwirapo kale ntchito kunja. Ndi ma Dell Latitude, ma HP ProBook ndi EliteBook, ma Lenovo ThinkPad, makina olimba amene anapangidwira makampani akuluakulu. Koma ambiri mwa akale ndithu ali ndi chiwalo chimodzi chimene chimawakokera m'mbuyo, ndicho hard disk. Mwini wake akatopa ndi kudikira amangoti yakalamba, n'kuyamba kusonkhanitsa ndalama zogulira ina. Kawirikawiri sipafunika kufika pamenepo. Kuchotsa hard disk n'kuikamo SSD kumadzutsa makina ooneka ngati otheratu, pa ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa laputopu yatsopano. Zofunika ndi ziwiri: kudziwa chimene mukugula, ndi kuteteza mafayilo anu musanamasule chilichonse.

Kodi SSD n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi hard disk?

Zonse ziwiri ntchito yake ndi imodzi: kusunga Windows, mapulogalamu ndi mafayilo anu ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Zimasiyana kasungidwe. M'kati mwa hard disk muli timbale tokhala ndi mphamvu ya maginito, timene timazungulira maulendo 5,400 pa miniti, mwina 7,200. Pamwamba pa timbaleto pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kowerenga ndi kulemba. Mukatsegula fayilo, kamkonoko kamasuntha kukafika pamzere pamene pali fayiloyo, kenako n'kudikira kuti mbale izungulire mpaka malo ofunikawo afike. Luso limeneli ndi lakale, pakuti kampani ya IBM inatulutsa hard disk yoyamba mu 1956.

SSD ilibe chilichonse choyenda. Imasunga zinthu m'timatchipi totchedwa NAND flash, ta mtundu umodzi ndi tamene tili mu fulashi kapena mu memory card ya foni, koma tothamanga ndi tolimba kwambiri, ndiponso tokhala ndi katchipi kena koyang'anira kalembedwe konse. Amene anatulukira kasungidwe kameneka ndi Fujio Masuoka, injiniya wa kampani ya Toshiba ku Japan, m'zaka za m'ma 1980. Mu 1991 kampani imene lero timaidziwa kuti SanDisk inkagulitsa SSD ya 20MB yokha pa mtengo wa pafupifupi madola 1,000 a ku America. Masiku ano SSD ya 256GB, imene imasunga zochuluka kuposa pamenepo maulendo oposa 12,000, wophunzira wa ku koleji amakwanitsa kuigula.

Kusinthaku kumaonekadi, kapena ndi mawu a ogulitsa chabe?

Kumaoneka tsiku lomwelo. Hard disk ya laputopu imawerenga mafayilo akuluakulu pa liwiro la pafupifupi 100MB pa sekondi. SSD ya mtundu wa SATA imafika 550MB pa sekondi. Ya mtundu wa NVMe imafika 3,500MB, ndipo zatsopano zina zimafika 7,000MB pa sekondi.

Koma manambala amenewa si amene amasintha tsiku lanu. Chimene chimachedwetsa kompyuta ndi timafayilo ting'onoting'ono. Windows ikamayaka, kapena mukamatsegula Word kapena Chrome, kompyuta imawerenga timafayilo masauzande ambiri tomwazikana paliponse. Tiyerekeze ndi wogulitsa m'golosale amene katundu wake yense ali kuchipinda chakumbuyo. Pakabwera munthu mmodzi wofuna thumba la shuga, ulendo umodzi wakwana. Koma pakadzaza anthu, uyu akufuna machesi, uyu sopo, uyu kamchere, iye amangothamanga uku ndi uku mzere ukutalika. SSD ili ngati wogulitsa amene chilichonse chili pamene dzanja lake likufika. Hard disk imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi kuti ipeze kafayilo kamodzi, pamene SSD imakapeza mofulumira maulendo pafupifupi 100 kuposa pamenepo. N'chifukwa chake laputopu imene inkatha maminiti awiri kapena atatu isanalole kuti muyambe ntchito imayamba kukonzeka m'masekondi owerengeka.

Pali phindu linanso loyenera moyo wathu. Hard disk imadana ndi kugwedezeka, makamaka ikamazungulira: kamutu kaja kakakhudza mbale, mafayilo amawonongeka. Laputopu yoyenda m'chikwama pa minibasi kapena pa kabaza m'misewu ya mabampu imakhala yotetezeka kwambiri ikakhala ndi SSD. Komanso sipanga phokoso, ndipo batire limakhalitsako pang'ono.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto la laputopu yanga ndi hard disk osati china?

Musagule musanayeze. Pa Windows, dinani pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager, kenako pitani pa Performance. Pamenepo muona CPU, Memory ndi Disk, ndipo pa Windows 10 ya posachedwapa ndi Windows 11 pamalembedwanso ngati disiki yanu ndi HDD kapena SSD. Yang'anani nthawi imene kompyuta ikuchedwa. Ngati Disk yakhazikika pa 100% pamene CPU ili pansi, mwapeza gwero la vuto.

Ngati Memory ndiyo yadzaza, vuto lina ndi kuchepa kwa RAM. Laputopu ya 4GB imapanikizika mukatsegula masamba ambiri a intaneti, ndipo kuwonjezera kufika 8GB pamodzi ndi SSD ndiko kumathandiza kwathunthu. Ngati CPU ndiyo ili pa 100% nthawi zonse, fufuzani mavayirasi, kapena onani ngati fumbi latseka fani n'kuchititsa kuti makina azitentha. Dziwaninso kuti SSD siwonjezera liwiro la intaneti, ndipo sisandutsa purosesa yofooka kukhala yamphamvu.

Kodi laputopu iliyonse ingalandire SSD iliyonse?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Safunsa anadya phula. Mitundu yake ndi iyi.

Woyamba ndi SSD ya SATA ya mainchesi 2.5. Kukula kwake ndi polumikizira pake n'zofanana ndi za hard disk ya laputopu, choncho imalowa pamalo pomwe mwachotsa yakaleyo. Ngati laputopu yanu ili ndi hard disk ya SATA, monga pafupifupi zonse zopangidwa kuyambira cha m'ma 2008, uwu ndiwo mtundu wosavuta. Ma SSD amenewa kunenepa kwake ndi mamilimita 7, pamene ma hard disk ena akale ndi 9.5, ndiye pena pamafunika kapulasitiki kodzazira mpata kuti isamagwedere.

Wachiwiri ndi M.2, kabolodi kopyapyala kotalika ngati chala. Manambala ake amanena kukula: 2280 ndi mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, ndipo palinso 2242 ndi 2230. Chosokoneza n'chakuti M.2 ilipo ya SATA ndi ya NVMe, ndipo maonekedwe ake n'ngofanana kwambiri. Kawirikawiri ya SATA imakhala ndi timipata tiwiri kumene kuli mano olumikizira, pamene ya NVMe imakhala ndi kamodzi. Malaputopu ena amalandira mitundu yonse iwiri, ena umodzi wokha, ndipo SSD ikhoza kulowa bwinobwino koma kompyuta osaiona.

Wachitatu ndi mSATA, umene umapezeka m'malaputopu ena a zaka za pakati pa 2011 ndi 2014. Si wofanana ndi M.2 ndipo sizilowana.

Palinso malaputopu amene chosungira chake anachiwotcherera pa bolodi. Timalaputopu totchipa tokhala ndi 32GB kapena 64GB ya eMMC tambiri n'totero, monganso ma MacBook onse okhala ndi matchipi a Apple a M1 kupita m'tsogolo. Chowotcherera sichisinthika, pokhapokha ngati opanga anasiya malo ena opanda kanthu a M.2 kapena SATA.

Njira yotsimikizika ndi kuwerenga dzina ndi nambala ya laputopu pansi pake, n'kufufuza buku la okonza la mtundu umenewo. Dell, HP ndi Lenovo amaika mabuku amenewa pa intaneti kwaulere, ndipo amasonyeza mtundu wa disiki ndi kamasulidwe kake. Ngati zimenezo zavuta, pitani ndi laputopuyo kwa wogulitsa kuti itsegulidwe muone ndi maso musanalipire.

Ndigule yaikulu bwanji?

Yambani mwaona malo amene mwagwiritsa kale ntchito pa disiki yanu. Ya 120GB kapena 128GB imadzaza msanga, chifukwa Windows ndi zowonjezera zake zimadya gawo lalikulu. Ya 256GB imakwanira munthu wa zolembalemba, ma PDF ndi intaneti. Ya 500GB kapena 512GB ndiyo yoyenera anthu ambiri. Ojambula zithunzi, okonza mavidiyo a maukwati ndi oimba nyimbo m'zisangalalo aganizire za 1TB. Musadabwe mukaona kuti ya 500GB ikuoneka ngati 465GB mu Windows, kapena ya 1TB ngati 931GB. Simunaberedwe: opanga amawerengera m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerengera m'magulu a 1,024.

Ngati laputopu yanu imalandira SATA yokha, musavutike ndi kusirira liwiro la NVMe. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku, kuchoka pa hard disk kupita pa SSD ya SATA ndiko kusintha kwakukulu, ndipo kuchoka pa SATA kupita pa NVMe kumaoneka makamaka pokopera mafayilo akuluakulu.

Ndingapewe bwanji kugula yachinyengo kapena yotopa?

Gulani ya makampani odziwika monga Samsung, Western Digital, SanDisk, Kingston, Crucial kapena Transcend, kwa wogulitsa wopereka lisiti ndi wolola kubweza. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa ena onse, makamaka pa SSD yolembedwa 1TB kapena 2TB ya dzina losadziwika, khalani tcheru. Pali zina zimene amazikonza kuti zizinama kukula kwake. Zimalandira mafayilo ngati zonse zili bwino, koma malo enieni akatha zimayamba kuwononga zimene mwasunga.

Mapulogalamu awiri aulere amathandiza. H2testw imalemba m'disiki yonse n'kuwerenganso, ndipo imaulula ngati kukula kwake n'kwabodza. CrystalDiskInfo imasonyeza thanzi la disiki, maola amene yagwira ntchito, ndi kuchuluka kwa zimene zalembedwamo. SSD imene akuti ndi yatsopano koma ikusonyeza maola masauzande inagwirapo kale ntchito. Yogwirapo kale si yoipa ngati thanzi lake lili bwino ndipo mtengo ukugwirizana nazo, koma wogulitsa anene zoona.

Nanga mafayilo ndi mapulogalamu anga ziyenda bwanji?

Njira zilipo ziwiri, koma musanasankhe, koperani kaye zonse zofunika pa fulashi, pa disiki ina kapena pa intaneti. Onaninso ngati disiki yanu ndi yokhomedwa ndi BitLocker. Ngati ndi choncho, pezani kiyi yake ya manambala 48, imene kawirikawiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo ilembeni papepala.

Njira yoyamba ndi kukopera disiki yonse monga ilili, kumene okonza makompyuta amati cloning. Mumalumikiza SSD yatsopano ku laputopu ndi kachingwe ka USB kupita ku SATA, kapena kabokosi ka M.2, ndipo pulogalamu imasamutsa Windows, mapulogalamu ndi mafayilo onse. Samsung ili ndi pulogalamu yakeyake yochitira zimenezi, ogula ma SSD a Western Digital kapena SanDisk amatha kutsitsa Acronis True Image, ndipo Clonezilla ndi yaulere kwa aliyense ngakhale imafuna munthu wozolowera. SSD ikhoza kukhala yaing'ono kuposa hard disk, bola zimene zili m'katimo zikwanemo. Chenjezo lalikulu ndi ili: pulogalamu ikafunsa disiki yotengako ndi disiki yolembako, werengani kawiri. Mukazitembenuza, mufufuta zonse zimene mumafuna kupulumutsa.

Njira yachiwiri ndi kuika Windows mwatsopano. Mumafunika fulashi ya 8GB kapena kuposa, ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool. Zotsitsa pa intaneti ndi ma GB angapo, ndiye pezani Wi-Fi kapena bandulo yokwanira. Malaputopu ambiri amene anagulitsidwa ndi Windows 10 kupita m'tsogolo ali ndi kiyi ya Windows m'bolodi momwemo, ndipo imadzitsimikizira yokha mukalumikiza intaneti, bola muike mtundu womwewo, Home kapena Pro. Koma mapulogalamu ena olipira, monga Office kapena owerengera ndalama za bizinesi, adzafuna makiyi ake, choncho asonkhanitseni kaye.

Ngati Windows yanu ikuyenda bwino kupatula kuchedwa, kukopera disiki yonse kumapulumutsa nthawi. Ngati ili ndi mavayirasi, mapulogalamu osadziwika amene mwini wake woyamba anasiya, kapena hard disk yayamba kulira mogogoda, ikani mwatsopano. Palibe nzeru kusamutsira matenda akale m'disiki yatsopano.

Kodi ndingathe kuiika ndekha?

Pa malaputopu ambiri a maofesi, inde. Ena akale ali ndi kachitseko pansi komangidwa ndi sikuluwu imodzi kapena ziwiri. Atsopano amafuna kuchotsa chivundikiro chonse chapansi, ndipo ena ochepa amafuna kuchotsa kiyibodi, amene ndi bwino kuwasiyira katswiri. Ngati laputopu idakali pa warranty, funsani kaye kumene munagula.

Zimitsani kompyuta kotheratu, osati kungotseka sikirini. Zulani tchaja. Chotsani batire ngati ndi lakunja, ndipo ngati ndi lam'kati, zulani kachingwe kake mukangotsegula, musanakhudze china. Gwirani chitsulo chachikulu monga chitseko kapena mpope kuti magetsi a m'thupi achoke, chifukwa amatha kupsereza matchipi. Gwiritsani ntchito sikuludiraiva yaing'ono yokwana bwino, ndipo yalani timasikuluwu monga mmene tinakhalira, pakuti kutalika kwake kumasiyana ndipo yaitali ikalowa polakwika imaboola bolodi. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse. Pokanganula chivundikiro, gwiritsani ntchito khadi lapulasitiki, osati mpeni.

Hard disk imakhala m'kafelemu kapena m'timphira, ndipo pena pamakhala kolumikizira kovala kumutu kwake. Zonsezi zisamutsireni pa SSD. Ya M.2 imalowa mopendekeka pang'ono, kenako mumaitsitsa n'kuimanga ndi kasikuluwu kamodzi. China chikakana, musakakamize, pali sikuluwu imene simunaione.

Mukasankha kupita kwa wokonza makompyuta, onani SSD ikutuluka m'paketi yake, gwirizanani ngati akukopera disiki kapena kuika Windows mwatsopano, ndipo hard disk yakale mubwerere nayo kunyumba. Muli zithunzi zanu, makalata anu ndi mapasiwedi anu.

Ndikamaliza kuika, pali china choti ndichite?

Zochepa. Ngati kompyuta sikuyaka kuchokera pa SSD, lowani mu BIOS poyatsa, ndi F2 pa Dell, F10 pa HP kapena F1 pa ThinkPad, muone ngati SSD ikuoneka ndipo ili poyamba pa mndandanda woyatsira. Mu Windows, musaike mapulogalamu akale ochita defragment, chifukwa ntchito imeneyo inali ya timbale tozungulira ndipo pa SSD imangolemba zopanda phindu. Windows imazindikira SSD yokha n'kumatumiza lamulo lotchedwa TRIM, limene limauza disiki malo amene mafayilo ake afufutidwa kuti iwakonzeretu. Siyaninso mpata wa gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo, chifukwa SSD yodzaza thothotho imayamba kuchedwa.

Ndinamva kuti SSD imatha ikalembedwa kwambiri. N'zoona?

N'zoona kuti timatchipi take tili ndi malire a kulembedwa ndi kufufutidwa, koma malirewo ali kutali. Opanga amalemba nambala yotchedwa TBW, kusonyeza kuchuluka kwa zimene mungalembe pa moyo wake. Mwachitsanzo, Samsung 870 EVO ya 500GB ili ndi 300TB ndi warranty ya zaka 5. Munthu wolemba 20GB tsiku lililonse angatenge zaka zoposa 40 kuti afike pamenepo. Laputopu idzatha SSD isanatope ndi kulemba.

Choyenera kuopa kwathu kuno ndi kuzima kwa magetsi mwadzidzidzi pa laputopu imene batire lake linafa. Kompyuta ikathima disiki ili m'kati molemba, mafayilo amatha kuwonongeka, kaya ndi hard disk kapena SSD. Ngati yanu imazima mukangozula tchaja, batire latsopano likhale m'gulu la zogula.

Laputopu yanga singalandire Windows 11. Kodi ndiwonongerenso ndalama pa iyo?

Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna katchipi ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena, pa malaputopu, AMD Ryzen 3000 kupita m'tsogolo. SSD sisintha zimenezi. Koma laputopu yotsalira siyenera kutayidwa. Linux Mint kapena Ubuntu ndi zaulere, zimalandirabe zotetezera, ndipo pa SSD zimathamanga bwino pa makina a zaka 10. Kulemba, kuwerenga, kuonera mavidiyo ndi kufufuza pa intaneti zonse zimatheka. Komanso ndalama ya SSD sipita pachabe, chifukwa tsiku limene mudzagule laputopu ina mungathe kuisamutsira kumeneko kapena kuiika m'kabokosi ka USB.

Hard disk yakale ndichite nayo chiyani?

Kwa milungu iwiri kapena itatu musaikhudze. Isungeni monga ilili mpaka mutatsimikiza kuti zonse zinasamuka bwino. Pambuyo pake, ngati CrystalDiskInfo ikusonyeza kuti thanzi lake lili bwino, iguleni kabokosi ka USB ikhale yosungirako makope a mafayilo anu. Pa malaputopu okhala ndi DVD palinso kafelemu kotchedwa caddy, kamene kamalowa pamalo a DVD n'kunyamula disiki yachiwiri. Mukafuna kuigulitsa kapena kuipereka, kufomata mwachangu sikukwanira, chifukwa mafayilo amatha kubwezeretsedwa. Chotsani chizindikiro pa Quick Format kuti Windows ilembe m'disiki yonse, ngakhale zitenge maola.

Makope amenewa si nkhani yochita mukapeza mpata. Hard disk nthawi zambiri imachenjeza isanafe: imagogoda, imachedwa, imakana mafayilo ena. SSD ikhoza kufa mwakachetechete, dzulo bwinobwino lero osaoneka n'komwe, ndipo kutulutsamo mafayilo n'kovuta ndiponso kodula kuposa pa hard disk. Fayilo imene mwaifufuta molakwitsa nayonso kawirikawiri sibwerera TRIM ikadutsa. Choncho chilichonse chimene simungapirire kuchitaya, kaya ndi kafukufuku wa digiri, mabuku a ndalama za bizinesi kapena zithunzi za makolo, chikhale pa malo awiri osiyana, ndipo ngati n'kotheka ena akhale pa intaneti, monga Google Drive imene imapereka 15GB kwaulere. Sankhani tsiku limodzi pa mlungu lokopera, ndipo musaliphonye.